Michirikizo ya mapiko pa tindege ta rimoti: kukonza ndi kulimbitsa kwake

Mwa ngozi zonse zimene zimagwera tindege toulutsa ndi rimoti, palibe yowawa ngati ya kuthyoka kwa phiko kandege kali m'mwamba. Injini ikazima, woulutsa waluso amatha kukatsitsa pang'onopang'ono mpaka kukatera pa udzu. Koma phiko likapindikira m'mwamba, rimoti imakhala yopanda ntchito m'manja mwa mwini wake. Kandege kamagwa chozungulira, ndipo ntchito ya miyezi ingapo imatoledwa zidutswazidutswa. Pa tindege tambiri tokhala ndi mapiko pamwamba pa thupi, ngozi yotere imayambira pa kamtengo kapena kachitsulo kowonda kamene kamachokera m'munsi mwa thupi la ndege n'kukagwira phiko cha pakati. Umenewu ndiwo mchirikizo wa phiko, umene pa Chingerezi amautcha strut.

Luso lopanga tindege pamanja silachilendonso kwenikweni m'dziko muno. M'chaka cha 2017, boma mogwirizana ndi bungwe la UNICEF lidatsegula dera loyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo chaka chomwecho kandege kotchedwa EcoSoar, kamene ophunzira a Chimalawi adalumikiza mothandizidwa ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Virginia Tech, kadauluka mtunda wa makilomita 19 m'bomalo. Mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa ku Lilongwe. Aliyense wopanga kandege amadzafika tsiku lokakonza.

Ntchito ya mchirikizo

Munthu woona ndege itaima pansi amaganiza kuti mchirikizo umagwira phiko kuti lisagwe, monga mzati umachitira ndi denga la khonde. Zimenezi n'zoona ndegeyo ikakhala pansi. Ikangonyamuka, zinthu zimatembenuka. Mphepo imakankhira mapiko m'mwamba pamene thupi la ndege likulendewera pansi pake, choncho mchirikizo umakokeka ngati chingwe. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa phiko kupindikira m'mwamba.

Kukoka kwake si kwamasewera. Tiyerekeze kandege kolemera makilogalamu 6. Pokhota mwamphamvu kapena podzuka kuchokera m'liwiro lotsika, mapiko angathe kusenza kulemera kwa kandegeko kanayi, omwe ndi makilogalamu 24, phiko lililonse 12. Tinene kuti mwa 12 amenewa, mchirikizo ukuyenera kusenza 10. Popeza suima chilili koma mopendekeka, mphamvu yodutsa mwa iwo imaposa pamenepo. Ukapendekeka madigiri 30 kuchokera pa phiko, umakokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu 20. Ukagona kwambiri n'kufika madigiri 20, mphamvuyo imayandikira makilogalamu 30. Katundu yenseyu amathera pa kabawuti kamodzi kapena tiwiri tonenepa mamilimita atatu, ndi pa kathabwa kamene tabawutito tagwira.

Pali nthawi zinanso pamene mchirikizo umapanikizika m'malo mokokeka: kandege kakatera mwamphamvu mapiko n'kugwedezekera pansi, kakauluka chozondoka, kapena nsonga ya phiko ikagunda nthaka. Ndodo yowonda imapirira kukokedwa, koma ikapanikizidwa imakhota n'kuthyoka pakati. Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, adalongosola zimenezi m'chaka cha 1744, ndipo malinga ndi masamu ake, ndodo ikatalika kawiri, mphamvu imene ingapirire isanakhote imatsika kanayi. N'chifukwa chake pa ndege monga Piper J-3 Cub pamakhala timichirikizo tina tating'ono, totchedwa jury struts, timene timachokera ku phiko n'kugwira mchirikizo waukulu cha pakati. Kugwira pakatiko kuli ngati kudula ndodo pawiri, ndipo mphamvu yake yopirira kupanikizika imakwera pafupifupi kanayi. Opanga tindege ena amasiya timichirikizoti poganiza kuti n'tongokongoletsa. Kumeneko n'kulakwitsa, makamaka kwa munthu wokonda kutembenuza kandege m'mwamba.

Wosenza katundu kapena wongooneka?

Funso loyamba musanagwire guluu ndi lakuti: kodi mchirikizo wa kandege kanu umasenzadi katundu? Pa tindege tambiri tating'ono ta fomu totengera Cessna 172, mapiko amalimba okha chifukwa cha paipi ya kaboni kapena ya aluminiyamu yodutsa mkati mwake, ndipo michirikizo imangothandiza kuti kandegeko kafanane ndi ndege yeniyeni. Wotere ukathyoka, kuumata bwinobwino n'kokwanira. Koma pa tindege tokulirapo, monga Cub yochepetsedwa kanayi imene mapiko ake amafika pafupifupi mamita 2.7, nthawi zambiri mapiko amangolumikizidwa mopepuka ku thupi, ndipo popanda michirikizo sangapirire ngakhale kukhota kumodzi. Buku la malangizo kapena pulani yake imanena. Ngati bukulo lidatayika, chotsani michirikizo ndi kunyamula pang'ono nsonga ya phiko ndi chala. Likamagwedera pa tsinde ngati chitseko, dziwani kuti moyo wa kandegeko uli pa michirikizo.

Phunziro la ndege zenizeni

Ndege ya Piper J-3 Cub idapangidwa pakati pa 1938 ndi 1947, ndipo zidatuluka pafupifupi 20,000. Michirikizo yake ndi mapaipi achitsulo, awiri mbali iliyonse, okumana m'munsi ngati chilembo cha V. Patapita zaka, zidadziwika kuti chinyezi chimalowa m'mapaipiwo n'kukakhazikika kumunsi, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kuchokera mkati pamene kunja penti ali bwinobwino. Mabawuti amphanda olumikiza mchirikizo ku thupi la ndege nawonso ankachita ming'alu m'mazinga. Bungwe loona za ndege ku America la Federal Aviation Administration lidatulutsa malamulo angapo, mwa ena m'chaka cha 1999 ndi cha 2015, okakamiza eni ndege zambiri za Piper kuti aziyeza michirikizo pafupipafupi kapena aikepo yatsopano yotsekedwa kuti chinyezi chisalowe.

Kwa wopanga tindege, mfundo yotengapo ndi yakuti mchirikizo sukonda kufera pakati pamene maso amaona. Umafera kunsonga, m'malo olumikizira, ndipo kawirikawiri mobisika.

Kufufuza chovuta

Kandege kakagwa kapena kutera moipa, chotsani michirikizo yonse, osati wokhawo wooneka wothyoka. Gwirani uliwonse kunsonga zonse ziwiri, muukoke ndi kuupotoza pang'ono khutu lili pafupi. Mtengo wong'aluka mkati umalira. Yang'anani ngati kachitsulo kakunsonga kakugwedera, ngati bowo la bawuti latalika n'kukhala ngati dzira, kapena ngati pali fumbi lakuda pamene zitsulo ziwiri zikumana, chifukwa fumbi limenelo ndi aluminiyamu amene waperepeseka ndi kunjenjemera kwa injini.

Kenako pitani ku phiko. Dinani ndi chala mozungulira pamene mchirikizo umagwira. Pepala lokutira phiko likachita makwinya pamenepo, kapena malowo akamabonyoka, kathabwa ka mkati kamatuka. Musanyinyirike kudula pepalalo kuti muone. Kumata chigamba cha pepala ndi ntchito ya mphindi khumi.

Tindege ta injini ya mafuta tili ndi vuto lina. Utsi wake umatuluka ndi mafuta amene amayenderera m'munsi mwa thupi, pamalo pomwe michirikizo imagwira. Thabwa lomwa mafuta limada, limafewa, ndipo guluu aliyense amalikana. Ngati mafuta alowa pang'ono, sakanizani sipiriti ndi ufa wosalala wa chimanga kukhala phala, mupake, mudikire liume, mupukute, ndi kubwereza kangapo kufikira ufawo utasiya kusintha mtundu. Ngati alowa kwambiri, dulani thabwalo muikepo lina.

Kukonza mchirikizo wa mtengo

Michirikizo yambiri ya mtengo imapangidwa ndi spruce kapena basswood, mitengo yopepuka koma yolimba. Balsa, mtengo wopepuka kwambiri umene wambiri umachokera ku Ecuador, ndi wabwino pa nthiti za phiko koma ndi wofooka pa mchirikizo wosenza katundu, pokhapokha mkati mwake mutadutsa china cholimba.

Mtengo ukang'aluka motsatira mizere yake popanda kuduka, kukonza kwake n'kosavuta. Tsegulani mng'aluwo pang'ono, lowetsanimo guluu wa matabwa kapena epoxy, panani, ndipo ukauma mukulunge ulusi wolimba mothinana pamalopo n'kuunyowetsa ndi guluu. Ulusi wa nayiloni kapena wa Kevlar ndiwo woyenera. Wa thonje ukakumana ndi supa guluu umatentha n'kutulutsa utsi wopweteka maso.

Ukaduka chopingasa, kulumikiza nsonga ndi nsonga n'kungodzinamiza. Malo omatirapo amachepa kwambiri, ndipo mchirikizowo udzamasuka pa kukhota koyamba. Amisiri a ndege zenizeni zamatabwa amalumikiza mosongola: zidutswa ziwirizo amazisema mopendekeka kuti zigonerane, ndipo kutalika kwa msongolowo kumakhala kunenepa kwa thabwa kuchulukitsa ka 10 kapena ka 12. Pa mtengo wonenepa mamilimita 6, ndiye kuti malo olumikizirawo atalike pafupifupi mamilimita 70. Popeza kusemako kumafupikitsa mtengo, pamafunika kuika chidutswa chatsopano pakati, chosongoledwa mbali zonse ziwiri. Kunena zoona, ntchito imeneyi imaposa yosema mchirikizo watsopano, ndipo ine ndingalangize kuti wothyoka chopingasa ungogwira ntchito ngati muyeso wa watsopanowo, pokhapokha ngati mtengo woyenera ukusowa.

Ndipo kuno kumasowadi. Spruce ndi basswood sizipezeka m'mashopu a hadiweya, koma paini wouma bwino, wa mizere yowongoka ndi yoyandikana, wopanda mfundo, amagwira ntchito. Nsungwi yokhwima yong'ambidwa ndi kupalidwa imapirira kukokedwa modabwitsa, ngakhale imavuta kumata ngati simunapale khungu lake losalala. Njira ina yolimbitsira ndi kukumba kangalande m'litali mwa mchirikizo, kugonekamo kandodo ka kaboni ka mamilimita awiri kapena atatu ndi epoxy, n'kutseka pamwamba ndi kathabwa kopyapyala.

Pa nkhani ya guluu, epoxy wouma m'mphindi zisanu amakopa anthu ofulumira, koma amauma asanalowerere m'thabwa. Wa mphindi 30 ndiye woyenera pa malo osenza katundu, ndipo ngakhale iyeyo amafuna tsiku lathunthu kuti akhwime. Supa guluu amagwira msanga koma ndi wophwanyika, sapirira kunjenjemera kwa nthawi yaitali. Guluu wa moto wothira ndi mfuti amafewa ndi kutentha, ndipo kandege kosiyidwa m'galimoto masana a October kangathe kutuluka michirikizo itamasuka.

Aluminiyamu ndi kaboni

Paipi ya aluminiyamu ikapindika, mtima umafuna kuiwongola pa bondo. Imawongoka ndithu, koma pamalo opindikapo chitsulo chimakhala chitauma ndi kufooka, ndipo pamenepo ndi pomwe idzakhotere ikadzapanikizika. Ngati yachita khwinya, itayeni. Anthu ambiri amaphwatalitsa nsonga ya paipi ndi hamala n'kuboolapo bowo la bawuti. Njirayi ndi yachangu, koma mng'alu umayambira pamene gawo lophwatalala likumana ndi lobulungira. Kulowetsamo kaye kachitsulo kopyapyala ka mkuwa kapena kachitsulo kolimba musanaphwatalitse kumathandiza, ndipo kuphwatalitsa pang'onopang'ono m'vayisi kumaposa kumenya. Pobooola, siyani mpata wokwanira: kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete pakhale kunenepa kwa bawuti kawiri kapena kuposerapo.

Mapaipi a kaboni ndi opepuka ndiponso olimba, koma ali ndi khalidwe lawo. Ambiri otsika mtengo ulusi wake umangoyenda m'litali, choncho nsonga imang'ambika ngati nzimbe china chikakankha kuchokera mkati. Nsonga iliyonse imene mwamatamo bawuti iyenera kukulungidwa ndi ulusi ndi epoxy, kapena kuvekedwa kapaipi kachitsulo kunja. Osaboola paipi ya kaboni chopingasa popanda kuilimbitsa motere. Fumbi lake ndi loipa m'mapapo, choncho dulani pamalo onyowa mutavala chotchinga pamphuno. Kaboni amadutsitsanso magetsi ndipo amatchinga mafunde a wailesi, motero tinyanga ta risiva tisagone pa iye.

Pa tindege topepuka, masipoko a njinga ndi chuma. Ndi achitsulo cholimba chonenepa mamilimita awiri, ali kale ndi mazinga kunsonga, ndipo amapezeka pamsika uliwonse. Chidutswa cha sipoko chomatidwa mkati mwa nsonga ya mchirikizo chimapereka poyambira pabwino. Kuti chisasololoke, chipindeni kunsonga yamkati ngati chilembo cha L, chilowe m'kabowo ka m'thabwa, kenako mukulunge ndi ulusi. Chitsulo chowongoka chongodalira guluu chimasololoka tsiku lina. Pa tindege tolemera makilogalamu angapo, sipoko ndi yochepa, ndipo pamafunika bawuti ya M3 kapena yoposerapo.

Pogwirira m'phiko ndi m'thupi

Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera. Amalimbitsa mchirikizo mpaka kukhala ngati mpini wa khasu, koma kunsonga kwake n'kuugwiritsa ndi sikuluwu yolowa m'balsa. Mchirikizo wolimba pa pogwirira pofooka umangozula pogwirirapo.

M'phiko, pogwirira payenera kukhala kathabwa ka pulayiwudi wolimba, wonenepa mamilimita atatu kapena kuposerapo, komatidwa ku mtanda waukulu wa phiko ndiponso ku nthiti ziwiri zoyandikana nako. M'ngodya zonse muikemo timatabwa ta makona atatu kuti malo omatira achuluke. Pulayiwudi wopepuka amene amadza ndi tindege togula topangiratu amaphwanyika msanga pozungulira bowo, ndipo n'koyenera kumusintha. M'malo mwa sikuluwu, ikani nati ya mano imene imaluma thabwa, ndipo ikhale kumtunda kwa kathabwako, mkati mwa phiko, kuti mchirikizo ukamakoka natiyo izikanirira m'thabwa. Mukaiika mbali yakunsi, kukokako kudzaizula.

Ku thupi la ndege, njira yabwino koposa ndi yophweka. Michirikizo ya kumanzere ndi ya kumanja imakoka mbali zotsutsana. Mukaigwiritsa uliwonse pa khoma lake la thupi, imayesa kung'amba thupilo pakati. Koma mukadutsitsa kachitsulo kamodzi kophwatalala, ka aluminiyamu wolimba kapena ka chitsulo, pansi pa thupi kuchokera mbali ina kufika inzake, michirikizo iwiriyo imakokana yokhayokha kudzera m'kachitsuloko, ndipo thupi limangotsamirapo. Kachitsuloko kamangidwe ndi mabawuti pa thabwa la pulayiwudi lolumikizana ndi mafelemu a mkati, makamaka pafupi ndi pogwirira miyendo ya matayala pamene thupi ndi lolimba kale.

Pa tindege ta fomu, pogwirira nthawi zambiri pamakhala kapulasitiki kakang'ono komatidwa m'fomu, ndipo kakazuka kamachoka ndi nyama yake. Musakabwezere pa dzenje lomwelo. Dzazani dzenjelo ndi chidutswa cha fomu, mumate kathabwa ka pulayiwudi wopyapyala kokulirapo kuti katundu agawikane, ndipo mubayemo timitengo ta nsungwi topendekeka tolowa m'fomu yabwino. Supa guluu wamba amasungunula fomu yoyera yophwanyika ija ya m'makatoni a katundu, ngakhale fomu ya mtundu wa EPO ndi EPP imamupirira. Yesani kaye dontho pamalo obisika.

Injini ikamanjenjemera, nati wamba imamasuka yokha. Gwiritsani nati zokhala ndi nayiloni mkati kapena mankhwala omata mazinga, kupatula pa zida za pulasitiki zimene mankhwalawa amaziwononga. Ngati mchirikizo umagwira ndi kamphanda kotsegula ndi kutseka, kamphandako kakhale kachitsulo, ndipo muvekepo kachidutswa ka paipi ya labala kuti kasatseguke m'mwamba.

Kutalika kwa mchirikizo

Mchirikizo wokonzedwa ungathe kukhala wolimba koma wolakwika. Kutalika kwake ndiko kumasankha mmene phiko likhalire, ndipo mamilimita awiri okha amamveka pa rimoti. Ikani kandege pa tebulo losalala, thupi litakhazikika molunjika, ndipo muyeze kuchokera pa tebulo kufika pa nsonga ya phiko lililonse. Miyeso iwiriyo ifanane.

Pa michirikizo ya V, wakutsogolo umasankha kukwera kwa phiko, pamene wakumbuyo umalipotoza. Kutalikitsa wakumbuyo kumakweza m'mphepete mwa kumbuyo kwa phiko cha kunsonga, ndipo kupotoka pang'ono kotere n'kofunika, chifukwa kumachititsa kuti kandege kakachepetsa liwiro, tsinde la phiko liyambe kutaya mphamvu yonyamula nsonga zikadagwirabe mphepo. Kufupikitsa wakumbuyo kumabweretsa zosiyana ndi zimenezi: nsonga imayamba kutaya mphamvu, ndipo kandege kamagwetsa phiko limodzi mwadzidzidzi potera, pamene kali pafupi kwambiri ndi nthaka moti woulutsa sangakapulumutse. Imani kumbuyo kwa kandege muyang'ane mapiko onse awiri ndi diso limodzi. Ngati mukuona kunsi kwa phiko lina kuposa linzake, pali chopotoka. Bawuti ikamafuna kukankhidwa kuti ilowe m'bowo, musaikakamize, sinthani kutalika kwa mchirikizo.

Chimene mwachita mbali imodzi muchitenso inayo, ngakhale isanathyoke. Izi zimathandiza kuti mapiko alemere mofanana. Mukamaliza, nyamulani kandege pa mphuno ndi pa mchira muone ngati kakupendekera mbali imodzi, ndipo ngati kakutero, mumate kachitsulo kakang'ono kunsonga ya phiko lopepukalo.

Kuyesa pansi

Tembenuzani kandege chagada, mukakhazike pa thupi lake mapiko ali m'malere, mutachotsa batire ndi pulopela. Katundu amene mungaike pa mapiko tsopano akukankha mbali yomwe mphepo imakankha pouluka. Mapaketi a shuga a kilogalamu imodzi ndi abwino pa ntchitoyi chifukwa kulemera kwake n'kodziwika ndipo sabaya pepala. Ayaleni mofanana mbali zonse, ambiri cha ku tsinde ndi ochepa cha kunsonga, pamwamba pa mtanda wa phiko, mukuwonjezera limodzilimodzi kufikira onse pamodzi atalemera kawiri kapena katatu kuposa kandegeko. Mukamva kulira kwa thabwa, imani, chotsani katundu, ndipo mufufuze pamene palira.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, kutali ndi anthu, nyumba ndi mabwalo a ndege, wokhota mofatsa. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, terani mugwire bawuti iliyonse. Ngati kandege kakufuna kupendekera mbali imodzi pamene kale kankauluka mowongoka, bwererani pa tebulo mukayezenso michirikizo yakumbuyo m'malo mobisa vutolo ndi mabatani a rimoti. Popeza tindege tikuluti timapita ku bwalo mapiko atachotsedwa, lembani chizindikiro pa mchirikizo uliwonse chosonyeza mbali yake ndi nsonga yoloza ku phiko, ndipo mabawuti ake muziwasunga m'kabotolo kamodzi koonekera mkati, kuti bawuti yotsalira m'kabotolomo ikuuzeni kuti pali bowo limene simunamange kandege kasananyamuke.